Mfuti ili ndi nambala, nanga woombera alibe dzina?

Mwana wanga wamkazi ali ku UNZA, yunivesite ya Zambia ku Lusaka, chaka chachiwiri, ndipo tsiku lomwe ndinamuperekeza ndinamuikira kathaulo kena m'chikwama, ndati mwana wanga ukamva tiyegasi unyowetse aka uphimbe kumphuno, usadzitsekere m'chipinda. Anaseka ati amayi mumaopa zambiri. Ine sindinaseke chifukwa ndimakumbukira Vespers Shimuzhila, wophunzira wa pa UNZA pomwepo uja anafa mu October 2018 apolisi ataponya tiyegasi m'mahositelo, mwana anali m'chipinda mwake chabe, utsi ndi moto zinamupeza momwemo.

Manje zomwe zimandiwawa ndi izi. Mfuti ya boma siyitoleka pamsewu ngati mango. Wapolisi amasayina potenga, zipolopolo amawerenga, wamkulu amene analamula gulu lija tsiku limenelo amadziwika dzina ndi udindo. Ndiye zimatheka bwanji munthu wafa masana dzuwa likuswa mtengo, ife tingouzidwa ati tikufufuza, miyezi n'kupita mpaka maliro aiwalika? Mapenzi Chibulo anaomberedwa mu July 2016 anthu a UPND, chipani chotsutsa nthawi imeneyo, akuguba apolisi atawakaniza msonkhano ku Chawama mu Lusaka. Pa 23 December 2020 tsiku lomwe a Hichilema, mtsogoleri wa UPND, anaitanidwa kulikulu la apolisi, anaomberedwa n'kufa Joseph Kaunda ndi Nsama Nsama, ndipo Nsamayo sanali pachionetsero olo pang'ono, anali loya wa boma, anangotuluka mu ofesi kukagula chakudya kutsidya kwa msewu. Chakudya chabe abale.

Ndipo musandiuze za chipani, ine zimenezo ndinatopa nazo. Public Order Act ija, lamulo la misonkhano ndi zionetsero, ndi ya 1955, ya atsamunda, imati udziwitse apolisi masiku 7 msonkhano usanachitike, koma iwo anaisandutsa chilolezo. Nthawi yomwe chipani cha PF chinkalamulira, a UPND ndi amene ankalira nayo, boma litasintha mu 2021 tinamvanso otsutsa akudandaula kuti misonkhano yawo ikukanidwa ati chitetezo sichili bwino. Yunifomu ndi yomweyo, angosintha wowatuma.

Police Public Complaints Commission, yolandira madandaulo a anthu okhudza apolisi, ilipo inde, koma funsani amayi aliyense pa Soweto Market ngati akudziwa khomo lake. Ine ndikufuna munthu akafa pachionetsero atiuze poyera amene anasayina mfuti ija ndi amene anati omberani, onse awiri akaime kukhoti, osati kungomusamutsa bwana kupita kuchigawo china. Mwana wanga kathaulo kaja akadali nako, dzulo pafoni ndamufunsanso.