Munthu ndamuumba ndekha, bwanji akulankhula ndi mawu a wina?

Usiku wathawu ndinayambiranso Fallout 4 patapita zaka ndisanaigwire, ndipo pasanathe maola awiri ndinakumbukira chimene chinandigwetsa mphwayi poyamba paja. Mfuti zake n'zabwino, mabwinja a Boston nawonso ndimakonda kuyendamo. Pamene pamandipweteka ndi pakamwa pa munthu amene ndikumuseweretsayo.

Amene simunaisewerepo, gemuyi inatuluka mu 2015 kuchokera ku Bethesda. Imayambira pagalasi la m'bafa, pomwe umaumba nkhope ya mtengambali wako. Ine ndinakhalapo nthawi yaitali, kusankha khungu, mphuno, tsitsi, mpaka munthuyo anayamba kufanana ndi malume anga. Kenako anatsegula pakamwa. Mawu amene anatuluka ndi a Brian T. Delaney, ndipo ukasankha wamkazi umamva a Courtenay Taylor. Onse awiri ntchito amaidziwa, sindikuwanyoza ayi. Koma nthawi yomweyo malume aja anasowa, panatsala bambo wa ku America amene akufunafuna mwana wake Shaun, ndipo ine ndinasanduka womuyendetsa chabe.

Choipitsitsa ndi mmene umasankhira zoyankha. Amakupatsa mayankho anayi okha, lililonse lolembedwa ndi mawu ochepa chabe, ndipo zimene munthu wako anene zenizeni umazimva utadina kale. Tsiku lina ndinkafuna kukana mwaulemu pempho la munthu wachikulire, koma munthu wanga anamuyankha mwamwano, mpaka ndinachita manyazi ndili ndekha m'chipinda. Ndinabwerera pamene ndinasungira gemu n'kuyambiranso. Si ine ndekha amene zinandiwawa: osewera ambiri pakompyuta anaika mod (kapulogalamu kosintha gemu kopangidwa ndi osewera anzawo) yoonetsa chiganizo chonse usanasankhe.

Yerekezerani ndi Fallout: New Vegas ya 2010, imene anapanga a Obsidian. Courier, mtengambali wamkulu wa gemuyo, salankhula mokweza. Ziganizo zonse zimalembedwa, umaziwerenga bwinobwino, ndipo zimasintha malinga ndi munthu amene wamuumba. Wodziwa zachipatala ali ndi zake zonena, wodziwa kunyengerera ali ndi zake, ngakhale amene wamupatsa nzeru zochepa amakhala ndi mayankho akeake pena ndi pena. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chiganizo cholembedwa sichidula. Koma chilichonse chimene mtengambali wamkulu alankhule mokweza chiyenera kujambulidwa kawiri, mawu aamuna ndi aakazi, ndipo onse alipidwe. Ndalama zikayamba kuwerengedwa, mayankho ndi amene amadulidwa. Onani Dragon Age: mu Origins ya 2009 unkasankha kukhala munthu, elf kapena dwarf, aliyense ndi chiyambi chake. Dragon Age II itabwera mu 2011 ndi mtengambali wolankhula dzina lake Hawke, mitundu ina ija inachoka, onse tinakhala Hawke.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi n'china, ndipo ndikukhulupirira kuti anzanga olankhula Chichewa muchimva msanga. Mtengambali akakhala chete, maso anga amawerenga Chingerezi koma m'mutu mwanga chiganizocho chimamveka m'Chichewa. Mu Skyrim, gemu ina ya Bethesda imene mtengambali wake ndi wachete, ndikaima pamaso pa Jarl Balgruuf, mfumu ya ku Whiterun, mumtima ndimati, "Ndamva mfumu, ndipita." Ndimawatchula kuti inu. Ndikakumana ndi kamwana pamsika, ndi iwe. Ndikakumana ndi chigawenga panjira, ndi iwenso, koma iwe wina, wokalipa. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la onsewa, "you", choncho ulemu wonse umakhala m'kamvekedwe ka mawu. Wojambula mawu akalankhula, wasankha kale kamvekedweko ndipo ine ndilibenso pokhudza. Akakhala chete, malo aja ndi anga. Sindinaonepo RPG (gemu yomwe umakhala mtengambali wa nkhani) yaikulu ngati izi ili m'Chichewa, ndiye kachetechete ameneyu ndiye khomo lokhalo limene chilankhulo changa chimalowera m'masewerawa. N'chifukwa chake ndimalikakamira.

Ena munena za Geralt, mtengambali wolankhula wa The Witcher, ndipo ndikugwirizana nanu. The Witcher 3 ya CD Projekt Red, yotulukanso mu 2015, ikanakhala yozizira popanda mawu osasa aja a Doug Cockle. Koma Geralt sindinamuumbe ine. Anachokera m'mabuku a ku Poland ali kale ndi dzina, zipsera, Yennefer wake ndi Ciri amene amamutenga ngati mwana wake. Palibe amene anandinamiza kuti ndine. Ndimamuperekeza, ndimamuthandiza kusankha, ndipo akalankhula ndi Bloody Baron za banja limene bamboyo analiphwasula yekha, ndimafuna kumva mawu ake enieni. Commander Shepard wa Mass Effect nayenso ndi choncho. Jennifer Hale anamupatsa moyo umene zilembo zokha sizikanatha.

Ndikuvomeranso kuti chete ali ndi chilema chake. Mu Origins muja, anzako amalira, amakuwa, amakuuza zakukhosi, pamene mtengambali wako, Warden, wangoti ndwii, nkhope osagwedezeka. Pamenepo zimaoneka zosalongosoka, sindingabise. Komabe ndi mtengo umene ndingalipire mosanyinyirika, chifukwa nkhope youma ndimatha kuidzaza ndi maganizo anga, pamene mawu olakwika akatuluka atuluka.

Chimene ndikukana ndi kuima pakati: kundipatsa galasi, kundiuza kuti munthuyu ndi wako, umutche dzina, kenako n'kumuika mawu, mbiri ndi chisoni zimene sindinasankhe. Fallout 4 imafuna kuti ndikhale kholo losweka mtima, komanso imandilola kutha masabata ndikutolera zitsulo ndi kumanga mipanda. Ndikabwerera ku nkhani yaikulu, mawu aja amalira za Shaun ngati wabedwa dzulo, ndipo sizigwirizana ndi munthu amene ndakhala ndikumuseweretsa.

Zikuoneka kuti a Bethesda anamva madandaulo, chifukwa mu Starfield ya 2023 mtengambali wamkulu anabwerera kukhala chete. Chaka chomwecho Baldur's Gate 3 ya Larian Studios ya ku Belgium inatenga mphoto ya gemu yopambana pa The Game Awards, ndipo m'menemo munthu wako salankhula mokweza pa zokambirana. Umangowerenga, n'kusankha pa mndandanda wautali.

Madzulo ano ndiika mod yozimitsa mawu a mtengambali wanga pamodzi ndi ija yoonetsa ziganizo zonse, ndiyambirenso ku Vault 111, malo obisalamo apansi panthaka a koyambirira kwa Fallout 4. Ndikufuna ndimve mmene malume anga aja akamulonjerere Nick Valentine, wofufuza milandu wa mumzinda wa Diamond City.