Chenjezo kwa eni chitofu cha pellet: magetsi akazima, utsi umabwerera m'nyumba

Ana anga amene muli kumayiko ozizira, ku America, Canada, Britain ndi Ireland, wakutsina khutu ndi mnansi. Lero ndikutsinani kolimba, chifukwa zimene ena a inu mukuchita ndi chitofu cha pellet n'kusewera ndi moyo wa ana anu.

Mwachigula, kapena mwachipeza m'nyumba yalendi, mwaona moto ukuyaka bwino kuseri kwa galasi, basi mwati moto ndi moto. Ayi ndithu. Chitofu chimenechi chimapuma ndi magetsi. Timibulu ta utuchi, totchedwa ma pellet, timene mumathira pamwamba paja timatsitsidwa pang'onopang'ono ndi chitsulo chopota choyendera mota. Fani imodzi imakoka mpweya kudutsa pamoto n'kukankhira utsi kunja, ina imauzira kutentha m'chipinda. Magetsi akangoti phethi, zonsezi zimaima. Koma moto suzima nawo limodzi. Timibulu totsala m'kambale koyakira timapitiriza kunyeka mofuka kwa kanthawi, wokankha utsi palibe. Ndiye utsiwo ulowera kuti? Umafunafuna mpata: m'mbali mwa chitseko pamene chingwe chotsekera chaperepeseka, pabowo lolowera mpweya, polumikizira mapaipi pamene womanga sanamate bwino. Onsewo ndi makomo olowera m'chipinda chimene mwagoneka mwana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya paipi. Munthu waboola khoma, watulutsa paipi chogona, yangosuzumira panja, n'kumanyada kuti wapulumutsa ndalama. Mwapulumutsa chiyani? Paipi yogona imadalira fani basi. Utsi wotentha umakwera wokha ukapeza njira yopita m'mwamba, n'chifukwa chake mabuku a zitofu zambiri amalangiza kuti paipi iimirire mita imodzi kapena imodzi ndi theka, kuti fani ikaima chumuni chizikoka chokha. Ku Italy, kumene zitofu zimenezi n'zochuluka kwambiri, malamulo salola n'komwe kutulutsira utsi pakhoma: uyenera kukatulukira pamwamba pa denga. Nanga inu mwaposa nzeru amene anachipanga? Onjezani apo kuti magetsi amakonda kuzima tsiku la mphepo yamkuntho. Mphepo ikamawomba khoma lomwe kuli paipi yanu yogonayo, imabwezera utsi wonse mkati. Chipale chikaunjikana n'kutseka kukamwa kwa paipi, ndiye zathera pomwepo. Itanani katswiri wovomerezeka, ku Britain funsani amene ali m'kaundula wa HETAS, bungwe lovomereza akatswiri oika zitofu, osati mnzanu wa kuntchito amene ali ndi makwerero.

Ndipo musese m'paipimo. Phulusa lopepuka limadzaza m'mapindiko a paipi, njira n'kuchepa. Chaka chisathe osapukuta.

Utsi wooneka ndi wonunkha uli bwino, umakudzutsani. Choopsa ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, thupi lefu, n'kumati ndi chimfine, ndikagone. Kugona kwake n'komweko. Alamu yochenjeza za mpweya umenewu ndi yotsika mtengo, koma ena mwaichotsa batire chifukwa inalira usiku n'kukusokonezani tulo. Manyazi mulibe? Ikhale yabatire, chifukwa yodalira magetsi okha imafa nthawi yomwe mukuifuna. Ku England, eni nyumba zalendi amakakamizidwa ndi lamulo kuika alamu imeneyi m'chipinda chokhala ndi chitofu chotere. Ngati mulibe, kauzeni eni nyumba lero lomwe.

Musamati kuno magetsi sazima. Mu Novembala 2021 mkuntho wa Arwen unasiya nyumba pafupifupi miliyoni imodzi ku Britain mumdima, zina kupitirira sabata. Mu Januwale 2025 mkuntho wa Éowyn unazimitsa magetsi m'nyumba ndi m'malo antchito oposa 700,000 ku Ireland.

Akazima, musatsegule chitseko cha chitofu kuti muone moto, mukhala mukuutsegulira utsi. Musathire timibulu ndi dzanja. Tsegulani pang'ono windo, dikirani chizime chokha. Amene mungathe, gulani batire ya UPS, imene imapereka mphamvu magetsi akazima, yolembedwa kuti pure sine wave, yoti iyendetse fani mpaka moto utheretu. Inunso amene mumazimitsa chitofu pongozula pulagi, lekani. Mukudzipangira nokha vuto lomweli. Dinani batani, fani imalize ntchito yake.

Tsono kuzizira kukafika pofinya, m'pamene anthu amataya nzeru. Jenereta m'galaja, makala a kanyenya pabalaza, galimoto yoliza m'galaja lotseka kuti ana awothe. Mu Febuluwale 2021 ku Texas anthu oposa 1,400 anathamangira kuchipatala chifukwa cha mpweya wa carbon monoxide uja magetsi atazima, ena sanabwerere kwawo. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kutali ndi mawindo ndi zitseko. Zimenezitu si zachilendo kwa ife. Mwezi wa Juni ndi Julaye, kwathu ngakhalenso ku Johannesburg, timamva za banja limene linalowetsa mbaula kuchipinda, kutseka mawindo, m'mawa anthu n'kuthyola chitseko. Mwawoloka nyanja kuti mukabwereze zomwezo?

Alamu ikalira, kapena anthu awiri m'nyumba akamva mutu nthawi imodzi, musayambe kufufuza kumene kukutulukira. Nyamulani ana, dzutsani aliyense, tulukani panja chitseko chili chotsegula. Imbani 999 ku Britain, 112 ku Ireland, 911 ku America ndi Canada, ndipo musalowenso mpaka ozimitsa moto atayeza mpweya.