Inu omata selotepi pa nyali ya T-BELT, mukufuna kupha ndani?

Sabata yathayi minibasi ya Hiace yochokera ku Muloza kupita ku Limbe inafera pachitunda itangodutsa Luchenza, itadzaza anthu ndi madengu a nanazi. Injini inangoti zii, osatsokomola n'komwe. Dalaivala m'malo moti adekhe, anayamba kupotokola kiyi kambirimbiri, sitata n'kumangozungulira mopepuka. Zitakanika anatsitsa anthu kuti akankhe, iye n'kuponya giya n'kusiya kilatchi. Makaniko amene anaitsegula m'mawa mwake anapeza timing belt, lamba wa mano wa mu injini, itathothoka mano, mavalavu atapindika, mapistoni ali ndi zipsera pamutu. Ndipo padashibodi, pamene pamayaka mawu oti T-BELT ochenjeza kuti lambayu wakwana nthawi yosinthidwa, panali pomatidwa selotepi yakuda. Akuti nyaliyo inkasowetsa mtendere abwana.

Kodi anthu inu mwatani? Nyali imene ija a Toyota anaiika kuti ikongoletse galimoto? Ndalama za masipika ogonthetsa m'khutu zimapezeka. Za marimu onyezimira zimapezeka. Za tinti ndi za mawu a m'Baibulo omata pagalasi lakumbuyo sizisowa. Koma makaniko akati lamba wakwana nthawi, yankho lake n'lakuti "tiona mwezi ukatha, pajatu ikuyenda bwinobwino". Inde ikuyenda bwino. Lamba ameneyu salira ngati fan belt, satsina khutu munthu. Amagwira ntchito yake mpaka sekondi yomaliza, kenako thapu! Ena mpaka amapita kwa anyamata odziwa kuzimitsa nyaliyo, aizimitse lamba asanasinthidwe, n'kubwerako akumwetulira kuti vuto latha. Mwanamiza ndani pamenepo?

Lambayu ndiye amalumikiza crankshaft pansi ndi camshaft pamwamba, kuti mavalavu azitseguka ndi kutseka pa nthawi yake. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi, osaphonya ngakhale dzino limodzi. Injini ikamathamanga maulendo 3,000 pa mphindi, pistoni iliyonse imafika pamwamba ka 50 pa sekondi imodzi. Lamba akaduka camshaft imaima pomwepo, mavalavu ena ali chitsegukire, pamene mapistoni akadali pa liwiro lomwelo. Mu injini za dizilo mpata wa pakati pa pistoni ndi valavu ndi wochepetsetsa, ndiye zimawombana basi. Mavalavu amapindika, ma guide amasweka, nthawi zina camshaft imathyoka kapena cylinder head kung'aluka. Pamenepo si nkhani ya lamba ayi, ndi nkhani yotsitsa head, kupita nayo kwa a mainjiniya ku Limbe kapena ku Blantyre, kugula gasket, mavalavu, n'kugulanso lamba yemweyo munkamukana uja, galimoto ili pamiyala masabata angapo osalowetsa ngakhale tambala. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, alipo amene sadziwa mmene masipeyala akwerera?

Nthawi yosinthira si chinsinsi. Pa injini zambiri zakale zochokera ku Japan malire ake ndi makilomita 100,000: 5A-FE ya Corolla ndi Carina, 3S-FE, 3L ya Hiace ndi Hilux, EJ20 ya Subaru. Pa 1KD ndi 2KD, za D-4D zija, ndi makilomita 150,000. Buku la galimoto yanu likanena nambala ina, mverani bukulo, osati mnzanu wa pasiteji. Minibasi yoyenda pakati pa Muloza ndi Limbe tsiku ndi tsiku imamaliza makilomita amenewa msanga kuposa mmene mwini wake akuganizira, ndipo maola onse amene imakhala ikulira pa Chitakale kapena pa Bvumbwe podikira kudzaza sawerengedwa pa mita, koma lamba amakhala akuzungulirabe. Galimoto yotere musadikire kuti nambala ikwane ndendende.

Nanga inu a galimoto yongopitira kutchalitchi ndi kuchigayo, mukuti izi sizikukukhudzani? Labala amakalamba ngakhale galimoto itangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Amauma, n'kuyamba ming'alu m'tsinde mwa mano. Lamba wopitirira zaka 6 kapena 7 ngwosadalirika ngakhale mita ikhale pa 40,000. Nyali ya T-BELT imangowerenga makilomita. Siidziwa zaka, siiona ming'alu, siinunkhiza oyilo.

Choseketsa china ndi ichi. Munthu agula galimoto ya zaka 15, yalowera pa Songwe kapena pa Mwanza, mita ikuonetsa 68,000, iye n'kukhulupirira ndi mtima wonse. Simunamvepo zoti mita amaibweza m'mbuyo? Tsegulani boneti muyang'ane pakava ya lamba kapena chapafupi. Magalaja a ku Japan amakonda kumata kapepala kosonyeza tsiku ndi makilomita amene anasinthira. Ngati kapepalako palibe, ndipo wogulitsa alibe lisiti, muwerenge kuti lambayo ndi wobadwa nayo galimotoyo ndipo musinthe musanayambe maulendo ataliatali. Pepala la COF pagalasi silikuuzani kanthu za lamba, chifukwa ali mkati mwa kava momwe saoneka.

Ndiye pali oyilo. Oil seal ya camshaft kapena ya crankshaft ikayamba kudontha, oyiloyo amatsikira pa lamba, labala n'kufewa, mano n'kuyamba kusupuka. Mukaona pansi pa kava pakuda ndi oyilo, musawerengenso makilomita. Chimodzimodzi madzi a rediyeta odontha pa water pump. Nanga awo oyenda opanda kava, akuti anaichotsa kuti injini izipuma? Pa misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi ndi kumidzi ya ku Thekerani, kamwala kamodzi kolowa pakati pa lamba ndi pulley n'kokwanira kumudumphitsa mano. Amene munawolotsa magalimoto m'matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi angati munatsegula kava kuona zimene zinalowa m'ma bearing?

Kuli bwino mudziwenso injini yanu, kuti anthu asakudyereni. Sienta, Probox ndi Corolla za injini ya 1NZ zili ndi tcheni, osati lamba. Vitz ndi Passo za 1KR, Honda Fit, Freed, Nissan Tiida ndi Note nazonso ndi za tcheni. Wina akakulipiritsani timing belt pa zimenezi, wakuberani dzuwa likuswa mtengo. Tcheni chimafuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo chikatha chimachita phokoso m'mawa poliza injini. Kawirikawiri kava ya pulasitiki yomangidwa ndi timabauti kutsogolo kwa injini imasonyeza lamba, pamene chitsulo chomatidwa ndi sealant chimasonyeza tcheni. Ma Bongo ndi ma Vanette akale, Ranger ndi BT-50 za injini ya WL, zonsezi ndi za lamba. Eni L200, Pajero ndi Delica za 4D56 mvetserani: injini imeneyi ili ndi malamba awiri. Wamng'onoyo ndi wa balance shaft, ndipo akaduka zidutswa zake zimakalowa pansi pa wamkulu n'kumudumphitsa. Kusintha mmodzi n'kusiya mnzake ndi misala yeniyeni. Ena amadzitama kuti 5A kapena 3S yawo siipinda mavalavu lamba akaduka. Chabwino, mwina siipinda, koma idzakusiyani pati? Usiku, pakona, m'chifunga cha chiperoni, lole ya tiyi ikubwera kumbuyo?

Tsiku losintha musapite ndi lamba yekha m'jumbo. Nthawi zambiri wopha lamba watsopano ndi bearing yakale. Idler (kagudumu kowongolera lamba) kapena tensioner (yomukungitsa) ikagwira, lamba amapsa kumsana n'kuduka ngakhale ali wa mwezi umodzi, inu n'kumatukwana wogulitsa. Gulani zonse pamodzi: lamba, tensioner, ma idler onse, oil seal ya camshaft ndi ya crankshaft. Pa injini zimene water pump imayendetsedwa ndi lamba yemweyo, monga 3S-FE ndi EJ20, pampuyo isinthidwenso, chifukwa ikadzadontha mudzalipiranso ntchito yomasula zomwezo. Mayina odziwika alipo: Gates, Mitsuboshi ndi Bando pa malamba, Koyo, NSK ndi NTN pa ma bearing, Aisin pa mapampu. Koma zafeki zodindidwa mayina omwewa zilinso mbwee, choncho mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu. Pitani ndi chassis number ndi dzina la injini, ndipo lamba watsopano ayerekezedwe ndi wakale, mano awerengedwe, m'lifupi mufanane. Lamba wa kaunjika wochotsedwa pa injini yakufa? Musandiyankhulitse pambali. Lamba wopindidwa mwamphamvu kuti akwane m'thumba la jekete nayenso watha kale, chifukwa ulusi wa mkati mwake umathyoka osaonekera kunja.

Za kokasinthitsa, sindikunena kuti makaniko wa pansi pa mtengo ndi mbuli. Alipo akatswiri pa Luchenza, pa boma la Thyolo ndi pa Chitakale amene amaidziwa injini ya 5L kuposa ena a m'magalaja a magalasi. Koma funsani kaye ngati anagwirapo injini ya mtundu wanuwo, ndipo khalani pomwepo muone manja ake. Injini ikhale yozizira, batire itachotsedwa. Asanamasule lamba wakale, azungulitse crankshaft mpaka mamaki (zizindikiro za timing) onse agwirizane: ya crankshaft, ya camshaft, ndipo pa dizilo ya injector pump. Lamba akachoka, palibe kuzungulitsanso shafti iliyonse mwachisawawa. Watsopano alowe ndi manja, mivi yake italoza kumene injini imazungulira. Mukaona sikuludiraiva ikukanikiza lamba kuti akwere pa pulley, imitsani ntchitoyo. Tensioner ya hydraulic, ngati ya 1KZ ndi 1KD, imafinyidwa pang'onopang'ono pa vayisi n'kutsekedwa ndi kapini. Woifinya mwachangu kapena kuimenya ndi hamala waiwononga. Akamaliza, azungulitse crankshaft ndi sipanala kawiri konse molowera kumene imazungulira, aone ngati mamaki abwerera pamalo pake ndiponso ngati palibe pamene pakugwira. Amene amathamangira kukiyi asanachite izi akuchita juga ndi injini yanu. Dzino limodzi lophonya, galimoto imavuta kulira, imafuka utsi, imalephera chitunda. Mano angapo, mavalavu apita. Lamba womangitsa amalira mluzu n'kudya ma bearing, wolekerera amadumpha. Bauti ya crankshaft pulley imafuna torque wrench, osati paipi ndi mnyamata wonenepa wodumphira pamwamba. Kava ibwerere ndi mabauti ake onse. Mukatero zimitsani nyali ija, lembani tsiku ndi makilomita ndi penti pakavapo, zakale zonse akupatseni m'manja muzione.

Ndipo inu madalaivala, injini ikangozima yokha muli pa liwiro, sitata n'kumazungulira mopepuka ndi mofulumira kusiyana ndi masiku onse, chotsani dzanja pakiyi. Osalizanso, osakankhitsa anthu, osakokedwa ili m'giya. Ulendo uliwonse umene mwazungulitsa injiniyo mukuwonjezera zophwanyika. Kumbukiraninso kuti injini ikazima chiwongolero chimalemera, ndipo mabuleki mukaponda kawiri katatu amauma gwa. Pa zitsikiro ndi makona a msewu wa Thyolo kupita ku Makwasa, muli ndi amayi ndi makanda kumbuyo, mudzawauza chiyani abale awo? Kuti abwana anati tidikire mwezi uthe?

Kamatuleni selotepiyo lero lomwe, kaimikeni galimotoyo. Ngati ya lamba mulibe, musanyamule ana a eni.