Gulupu ya oimba za ku Hawaii imazizira anthu akasiya kuimba

Abale anga, izi ndakhala ndikuzilankhula ku inbox koma lero ndiziike poyera. Magulupu athu a oimba nyimbo za ku Hawaii akuzizira ndipo aliyense akungoloza chala ma admin kuti sakuposita, koma ine maganizo anga ndi oti vuto sili kwa ma admin ayi, vuto ndi loti tonse tasanduka oonera. Munthu alowa mu gulupu, aponya link ya oimba otchuka a ku Hawaii ngati Jake Shimabukuro kapena Israel Kamakawiwoʻole, anthu aika timitima, basi zatha, mpaka mwezi wamawa. Nanga ukulele wako uja, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi, uli kuti? Gitala yako ija ikulira liti? Anthu otchukawo tikhoza kuwapeza tokha pa YouTube, chimene sitingachipeze kwina ndi zala za iweyo.

Ndipo chimandiwawa kwambiri chifukwa nyimbo zimenezi zinatsala pang'ono kufa kale chifukwa cha khalidwe lofanana ndi lomweli, losunga zinthu wekha. Tengani slack key, amene eni ake amati kī hōʻalu. Gitala inafika ndi oweta ng'ombe ochokera ku Mexico cha m'ma 1830, anthu a ku Hawaii nkumasula nsambo zina kuti ikamalira popanda kugwira paliponse izimveka kale ngati chord, ndiye banja lililonse linali ndi kachunidwe kake ndipo kanali kachinsinsi, sumauza mlendo. Agogo akamwalira osaphunzitsa mdzukulu, kachunidwe kaja kamapita nawo. Zinasintha pamene anthu ngati Gabby Pahinui anayamba kujambulitsa nyimbo zawo kuyambira 1946, kenako Keola Beamer anatulutsa buku lophunzitsira mu 1973, zomwe kale zikanaoneka ngati kuulula za m'nyumba. Lero mnyamata wa ku Zomba akutha kuchuna taro patch, kamodzi mwa machunidwe a slack key, chifukwa anthu amenewo anasankha kusabisa. Ndiye ife ndi ndani kuti tizikhala pa zomwe tikudziwa?

Taro patch yo si zovuta ngakhale pang'ono, ndiiponye pompano kuti musanene kuti ndikungolalikira. Gitala wamba imakhala E A D G B E kuyambira pa nsambo ya 6, yaikulu ija, kufika pa ya 1, iwe masula nsambo ya 6 ifike pa D, ya 5 ifike pa G, ya 1 ifike pa D, ndiye yakhala D G D G B D. Chala chachikulu chizisinthasintha pa nsambo zikuluzikulu osaima, zala zinazo zizitola nyimbo m'munsimu. Tsiku loyamba chala chachikulu chimakana, chimafuna kutsatira zinzake, koma ukapirira chimadzayamba kuyenda chokha ndipo pamenepo mpomwe umamva kukoma kwake. Post ngati imeneyi ndi imene imadzutsa gulupu, chifukwa wina ayesa, alephera, afunsa, wina amuyankha, macheza ayambika.

Steel guitar nayo mbiri yake ndi yomweyo. Joseph Kekuku, wobadwira ku Lāʻie pa chilumba cha Oʻahu mu 1874, ndi amene amadziwika kuti anayambitsa zogoneka gitala pamiyendo nkumatsetsereza kachitsulo pa nsambo. Kalirike kameneko kanayenda dziko lonse ndi malekodi, mpaka kuno kwathu, akuluakulu akukumbuka hauyani, gitala yoimba ndi botolo ija, ndi anthu ngati a Ndiche Mwarare. Koma kwawo komweko ku Hawaii inafika nthawi yoti achinyamata sankaiphunziranso, mpaka Jerry Byrd, munthu wa ku Ohio, anasamukira ku Honolulu m'ma 1970 nkuyamba kuphunzitsa ana a komweko. Hawaiian Steel Guitar Association inayamba mu 1985, kulibe Facebook kulibe WhatsApp, anthu amalumikizana ndi kanyuzipepala ka pa positi ndi misonkhano yokumana nkuimba limodzi, ndipo zinatheka. Ife tili ndi foni m'manja usana ndi usiku koma tikulephera kutumizirana mphindi imodzi ya nyimbo.

Chimene chikutipha china ndi manyazi, ndipo manyaziwo timawadzala ndife tomwe. Wophunzira akaponya kavidiyo kake, mawu akunjenjemera, kumbuyo tambala akulira, wina wodziwa amabwera ndi ndime zitatu zomukonza ngakhale moni osapereka. Munthu ameneyo sabweranso, ndipo ena khumi amene anaona nawonso abweza mavidiyo awo m'thumba. Ku Hawaii anthu akasonkhana pa kanikapila, macheza ongoimba limodzi, pakhonde kapena kuseri kwa nyumba, wodziwa ndi wosadziwa amakhala bwalo limodzi, nyimbo imazungulira, ikafika pa iwe umaimba zomwe ungathe. Mutu umodzi susenza denga, akatswiri okhaokha sangayendetse gulupu. Kukonza ndi kofunika, inenso ndimafuna kukonzedwa, koma yamba wanena chimene chamveka bwino, kenako konza chinthu chimodzi basi, zinazo mawa.

Pali pamodzi pokha pomwe ine sindinyengerera, ndi pa mawu a nyimbo. Chilankhulo cha ku Hawaii chinachotsedwa m'masukulu mu 1896 ndipo chinavutika zedi, eni ake achita kuchimenyera nkhondo kuti chibwerere, sukulu za ana za Pūnana Leo zinayamba mu 1984. Ndiye ife alendo tisamangotafuna mawu ngati ndi zokometsera chabe, tifunse katchulidwe, tifunse tanthauzo, chifukwa nyimbo zambiri zimanena za malo enieni ndi anthu enieni ndipo zina zili ndi tanthauzo lobisika pansi pake. Mu gulupu mukakhala munthu wa komweko mumulemekeze, akakukonzani muthokoze, ameneyo ndi chuma.

Za ma session a pa Zoom, tinene zoona, kuimba onse nthawi imodzi sikutheka chifukwa mawu amachedwa kufika, mumangosokonezana. Njira yake ndi yoti mmodzi atsogolere, ena nonse mute, mukuimba motsatira muli kwanu, kenako apatsire wina. Ndipo okonza nthawi chonde muzitikumbukira, pakati pa Hawaii ndi Malawi pali maola 12, ikamati 7 koloko madzulo Loweruka ku Honolulu kuno ndi 7 koloko m'mawa Lamulungu anthu akusita zovala za ku tchalitchi. Nthawi izisinthasintha, ndipo session izijambulidwa, komanso pakhale audio yokha chifukwa bandulo ya vidiyo si aliyense angaikwanitse, osanena za magetsi ndi netiweki.

Ndiye pempho langa kwa ma admin, musamawerenge mamembala, muziwerenga anthu amene aimba sabata ino. Sankhani nyimbo imodzi pa mwezi, ikani ma chord ndi mawu ake, aliyense aponye yake mmene yatulukira, wa ukulele, wa slack key, wa botolo, onse. Watsopano akalowa wina amulandire pomutchula dzina ndi kumufunsa chomwe amaimba. Amene mulibe ukulele musadikire kugula, tengani gitala yomwe ili pakhomopo, masulani nsambo zitatu zija, jambulani mphindi imodzi mutitumizire lisanafike Lachisanu.