Magazi amene timatenga kwa odwala mwakayakaya

Ndine namwino kuno ku Kasungu, ndipo ndikufuna kulankhula ndi anzanga a zaumoyo za chizolowezi chimene ambirife tili nacho, chotenga magazi okayeza kwa munthu wodwala mwakayakaya popanda kuwerengera kuti tamutenga ochuluka bwanji chigonekedwere.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, choncho kabotolo kamodzi kamaoneka kochepa. Koma kafukufuku wa m'zipatala za ku Ulaya amene anatuluka mu 2002 anapeza kuti wodwala wa mu ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, amatengedwa magazi pafupifupi mamililita 41 patsiku. Pakatha masiku 11 magaziwo amakwana mamililita 450, omwe ndi paketi yathunthu imene munthu wathanzi amapereka ku bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, ndipo iyeyo amauzidwa kudikira miyezi yosachepera itatu asanaperekenso. Wodwala wathuyu sakudya, mwina akutayanso magazi pabala, ndipo matenda afooketsa thupi lake moti silikupanga magazi atsopano msanga. Zimandipweteka kwambiri kwa khanda lobadwa masiku asanakwane, lolemera kilogalamu 1, chifukwa m'thupi lake lonse muli mamililita pafupifupi 90 okha. Chimodzimodzinso mwana wa malungo amene wafika nthawi ya dzinja zikhatho zitayera kale chifukwa cha kuchepa kwa magazi.

Ndinene momveka bwino kuti nkhaniyi sikukhudzana m'pang'ono pomwe ndi mphekesera zabodza za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu osalakwa mu 2017. Kuyeza magazi kumapulumutsa moyo, ndipo wodikirira wodwala asaletse adokotala kuyeza m'bale wake.

Chimene ndikudandaula ndi magazi otayika pachabe. Ndaonapo wodwala akubayidwa kachiwiri chifukwa magazi oyamba anaundana tisanawapititse ku labotale, kapena chifukwa pakabotolo sipanalembedwe dzina, kapenanso zotsatira zadzulo zinasowa mufayilo. Inenso ndinalakwitsapo motero. Zonsezi sizifuna ndalama za boma kuti zithe, zimangofuna kusamala: titenge kamodzi magazi okwanira zoyeza zonse za tsikulo, tibaye chala ngati tikungofuna kudziwa shuga kapena mlingo wa magazi, ndipo tisanatenge singano tidzifunse ngati zotsatirazo zisinthe chithandizo chimene munthuyu akulandira.

Makina a masiku ano amagwiritsa ntchito magazi ochepa kwambiri mwa amene timatumiza, otsalawo amatayidwa. Ku Canada, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2023, ma ICU 25 anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito timabotolo ting'onoting'ono, ndipo kuyeza kunayenda bwinobwino pamene odwala anafuna magazi owonjezera ocheperako. Kwathu kuno, kumene magazi amasowa sukulu zikatsekera chifukwa opereka ambiri ndi ophunzira, ogula zipangizo za zipatala ayenera kuganizira timabotolo totere.

Ineyo ndayamba kulemba pafayilo ya wodwala aliyense wovutikitsitsa mamililita amene ndatenga, kuti wondilandira usiku aone chiwerengerocho asanamange lamba pamkono.