Ku Vila Nova anandikanira Kwacha

Ndikulemba izi mtima usanazizire, ndiye wina akaona ngati ndapyola muyezo andikhululukire. Lachiwiri lapitali ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kuchoka pa boma pa Nsanje kupita ku Marka, n'kudutsa malire kulowa Vila Nova ku Mozambique kukafuna chimanga. Inu a kuno kuchigwa mukudziwa kale kuti mvula ikatinyenga, kapena Shire akasefukira n'kukokolola za kudimba, nkhokwe yathu yeniyeni imakhala tsidya lija, osati ku Lilongwe. M'thumba la kumbuyo ndinali nditapindira ma K5,000, mtolo woti pa njinga ndinkakhala chopendekeka. Ndinkadziona ngati munthu.

Wogulitsayo si mlendo kwa ine. Banja lawo linafika pakhomo pa bambo anga mu 1987, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta ku Mutarara. Anabwera ndi mphasa imodzi, mphika wong'aluka kukamwa ndi mbuzi yoonekera nthiti. Bambo anawalozera malo kuseri kwa khola, amayi ankawapatsako mchere ndi ufa wa mapira, ndipo mnyamatayu tinkagona naye m'gowelo limodzi mpaka 1993 pamene anabwerera kwawo. Mpaka lero amanditcha achimwene. Tinapatsana moni, anafunsa za mwendo wa amayi, tinayeza matumba atatu, kucheza kuli mkati. Nditasolola mtolo wanga uja, anauyang'ana ngati ndamutulutsira masamba a kholowa.

"Nkhabe, achimwene. Imeneyo ndikaigoneka usiku umodzi, m'mawa ndimaipeza itaonda. Kasintheni kaye kwa anyamata ali pansi pa mtengo apo, mubwere ndi metikali."

Sananene mwachipongwe ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Akanandinyoza ndikanapeza pomutukwanira. Ananena mofatsa ngati mmene umamuuzira wodwala kuti asadye zamchere. Ndinapita kwa anyamata aja, anandiwerengera pa foni, ndipo mtolo umene ndinachoka nawo kunyumba uli wa matumba atatu unasanduka timapepala tochepa tosakwana ngakhale matumba awiri.

Amene munabadwa m'ma 2000 simungamve kuwawa kwake. Ife tinakula tikuiseka ndalama imeneyi. Metikali yakale inali ya maziro ambirimbiri, munthu kugula sopo ndi masauzande, ndipo pa msika wa Nsanje tinkawatcha anzathuwa mamiliyoneya opanda nsapato. Iwo ndi amene ankasakasaka Kwacha, ankawoloka Shire pa bwato kudzagula shuga, machesi, mafuta a nyale ndi nsalu. Mu 2006 boma lawo linadula maziro atatu n'kutulutsa metikali yatsopano. Inadwalapo kwambiri mu 2016, sindikana, koma kuyambira 2021 yakhala itaima chilili pa mametikali 63 kapena 64 pa dola imodzi, chaka ndi chaka, ngati mlambe. Yathu? Mu Meyi 2022 anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 anaitsitsanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ku banki amalemba kuti dola ili cha m'ma K1,750, zimene zikutanthauza kuti metikali imodzi ikanayenera kukhala pafupifupi K27. Pitani ku banki mukaipemphe pa mtengo umenewo muone ngati mukatuluke nayo. Ndalama yeniyeni ili pa bulaki, pansi pa mtengo, ndipo kumeneko mtengo wake ndi woposa kawiri. Tili ndi Kwacha ziwiri m'dziko muno: ya pa pepala la a bwana, ndi imene ine ndinapita nayo ku Vila Nova.

Chifukwa chake si ufiti. Ndalama imalemera ngati dziko lili ndi chogulitsa kunja. Anzathuwa ali ndi malasha a ku Moatize, amene sitima zake zimadutsa m'dziko mwathu momwemu, ku Neno, pa Nkaya ndi ku Liwonde, ulendo wa ku Nacala, ife tikungokweza manja kubayibitsa. Ali ndi damu la magetsi la Cahora Bassa la mamegawati 2,075, pamene ife Kapichira wa 130 atagumulidwa ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 dziko lonse linagona mumdima kupitirira chaka. Kuyambira 2022 akugulitsanso gasi wa m'nyanja kumpoto kwawo. Ife tidakakamirabe pa fodya, n'kuwonjezerapo tiyi, shuga wa ku Nchalo, nandolo ndi chitowe, pomwe thonje limene linkamangitsa nyumba za malata ku Ngabu ndi ku Bangula linasanduka nthano ya agogo. Kenaka timagula kunja chilichonse: mafuta, feteleza, mankhwala, mpaka zotokosera mano. Ndiye mukufuna mphwanga uja asunge Kwacha achite nayo chiyani? Zigubu za petulo zimene zinkatipulumutsa nthawi imene tinkagona pa mizere ya mafuta zinkachokera kuti, ngati si tsidya lomwelo?

Koma chimene chinandikwiyitsa pobwerera si malasha awo kapena gasi wawo. Zimenezo anawapatsa ndi Mulungu. Ndi khalidwe lathu la kunyada pamaso pa mnansi amene wasunga kiyi wa chitseko chathu.

Tsikirani ku mtsinje pa boma pa Nsanje mukaone chikonkiriti chimene timachitcha doko. Pa 23 Okutobala 2010 ndinalipo ndithu, nditavala malaya oyera, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la mwezi umenewo. Malemu Bingu wa Mutharika anabwera ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda kudzatsegula Nsanje World Inland Port. Tinauzidwa kuti tauni yathu isanduka mzinda, anthu anathamangira kugula malo, ena anasamutsidwa m'minda yawo. Maso onse anali kumunsi kwa mtsinje kudikira chombo cha feteleza chochokera ku nyanja. Tinadikira mpaka alendo ananyamuka. Chombocho anali atachigwira ku Marromeu, pa Zambezi, ndipo pulezidenti wa Mozambique wa nthawiyo Armando Guebuza, mwini madzi amene chinkayenera kudutsamo, sanabwere n'komwe ku mwambowo. Boma la Mozambique linkanena kuti pachitike kaye kafukufuku wa mmene zombo zingakhudzire mtsinje ndi zachilengedwe. Mwina analinso ndi zawo mumtima, chifukwa katundu wathu akamadutsa pa madoko a Beira ndi Nacala iwo amadyapo, nanga ndani angadzichotsere yekha nsima pakamwa? Koma ngakhale zitero, kodi munthu umaitana anamwino ndi oimba ng'oma usanakafunsire mbeta? Kuchoka pa Nsanje kukafika ku Chinde pa nyanja ndi makilomita 238, ndipo pafupifupi onsewo ndi a eni ake. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndi limene lili pa mtsinje paja, pomwe lero asodzi amakocheza mabwato ndipo amayi amayanikapo zovala.

Za njanji ndiye musandiyambe. Agogo athu ankakwera sitima pompano, Nsanje akadali Port Herald, ndipo njanji yopita ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wa makilomita pafupifupi 3.7, unatsegulidwa mu 1935 kuti katundu wa Nyasaland azifika ku Beira osatsitsidwa pa mtsinje, ndipo ngongole yake inalemetsa Nyasaland yemweyo kwa zaka zambiri. Nkhondo inadula njirayo m'ma 1980, madzi anadzadulanso pa Chiromo mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo abale athu a ku Makhanga amawoloka pa bwato ngati tili m'nthawi ya Livingstone. Mayiko awiriwa atagwirizana zoidzutsa, anzathu aja anagwira makilomita awo 44 kuchoka ku Mutarara kufika pa Vila Nova, anamaliza, n'kukhala pansi kumatidikira pa malire. Ife makilomita 72 a Marka kufika ku Bangula tinayamba ndi kukangana za kontirakiti, yoyamba n'kuthetsedwa mu 2021, kenaka Ana, kenaka Freddy mu Malichi 2023, kenaka mitengo yakwera chifukwa Kwacha yagwa, Kwacha yomwe ija. Sitima ya mafuta itafika pa Marka mu Seputembala 2024, Lazarus Chakwera n'kudzailandira, tinavina ngati yafika ku Limbe. Inali itangoponda pakhomo. Ine ndinavina nawo, sindibisa, chifukwa mluzu wa sitima ndinali nditauiwala.

Tsopano ndisanamizire kuti tsidya lija ndi Kenani. Amene mwayendako mukudziwa. Mukangochoka pa njanji n'kulowa m'midzi ya ku Morrumbala, umphawi wake ndi womwewu, pena woposa wathu. Sukulu zili patali, zipatala zili patali, ndipo amayi oyembekezera a ku Megaza amawolokabe Shire pa bwato kudzachira ku zipatala za kuno. Malasha ndi gasi zija mlimi wa ku Mutarara amangozimva pa wailesi ngati ine. Akuluakulu awo anabisa ngongole ya madola pafupifupi 2 biliyoni imene inaululika mu 2016, ndipo Manuel Chang, amene anali nduna yawo ya zachuma, anakapezeka wolakwa ku khoti ku New York mu 2024. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwawo, mfuti zikulira kuyambira 2017. Tsiku lomwelo la chimanga, munthu wina wovala yunifolomu anandiimika panjira, anatembenuza chiphaso changa kawiri katatu ngati akufuna nsabwe, mpaka ndinamva mawu amene tonse timawadziwa, akuti refresco. Mwa timametikali tanga tochepa tija, tina tinatsala pamenepo. Iyenso Kwacha anaikana, tangoganizani, ngakhale ya chiphuphu.

Pa ndale ndiye tikuwaposa, ndipo apa ndiimirira nditatukula chifuwa. Frelimo yakhala pampando kuyambira 1975 osasuntha. Chisankho chawo cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, Daniel Chapo n'kulengezedwa wopambana, otsatira Venâncio Mondlane anadzaza m'misewu ndipo anthu oposa 300 anafa malinga ndi mabungwe amene ankawerenga. Khirisimasi ya chaka chimenecho tinaonanso zimene tinkayesa kuti zinatha ndi mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa 1992: amayi ndi ana akuwoloka Shire ndi Ruo, mitolo pamutu, anthu oposa 13,000, ndipo mahema anadzukanso ku Nyamithuthu pamene panali msasa zaka zija. Ife mu 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti, tinavotanso, boma linasintha. Mu Seputembala 2025 tinasinthanso, wogonja anavomera, palibe amene anathawira ku Vila Nova. Ndipo m'zaka za nkhondo ija dziko laling'onoli linasunga anthu awo pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje kuno othawa nkhondo anachuluka kuposa eni mudzi, ku Mankhokwe kunali ngati mzinda. Zimenezo palibe angatilande.

Koma voti siphikidwa. Timadziwa kuchotsa mtsogoleri, inde, koma aliyense wobwera amapeza dzenje lomwelo la madola n'kulikumba kuwonjezera. Ndipo aliyense amakonda kuuluka kupita kutali, ku Washington, ku Beijing, ku Brussels, kukagwada ndi mbale, pomwe mnansi amene watizinga kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo timamukumbukira mafuta akatha. Ngakhale magetsi a pa nthambo zochokera ku Matambo ku Tete kudzafika ku Phombeya ku Balaka ndi akenso yemweyo. Ife a kuchigwa izi sitinaziphunzire m'buku. Chisena chathu n'chimodzi, maliro timaikira limodzi, ena a ife minda yathu ili tsidya ndipo timakagwada kwa mafumu a kumeneko kuti tilime. Mbuzi ya ku Ndamera sidziwa pamene pali malire. A ku Capital Hill okha ndi amene amaganizabe kuti Mozambique ndi dziko la nkhondo ndi nkhalango, lofunika kulimvera chisoni. Bwerani mudzaime pa Marka tsiku la msika, muone kuti katundu akulowera kuti ndipo ndalama imene anthu akuibisa m'chitenje ndi iti.

Tanzania ndi Zambia ndisazinene zambiri, n'kutali ndi kuno, ngakhale amene amapita ku Chipata amati nayo Kwacha ya kumeneko imatiyang'anira pansi. Dzina limodzi, koma ina ikudya bwino.

Nditabwerera kwa mphwanga uja ndi timapepala tanga, anawerenga, anandiyang'ana, kenaka anauza mwana wake kuti akweze matumba onse atatu pa njinga. Anathiranso ndowa ina ya nyemba m'kathumba padera. "Izi ndi za amayi, muwauze kuti ndi za mchere uja. Zotsalazo mudzandipatsa mukadzapeza, achimwene, sindikuthamangitsani." Ndinathokoza, mawu akukanika kutuluka bwino. Anatulutsa kabuku n'kulemba ngongoleyo ine ndikuona, ndipo anailemba m'mametikali.

Dzulo ndinaimbira mmodzi wa anyamata a pansi pa mtengo aja kufunsa mtengo wa sabata ino. Ngongole yanga yakwera kale, chikhalirecho thumba lachitatulo sitinalimasule n'komwe.