Opaleshoni ya mtima ikatha, abale musabalalike

Mwana wa mng'ono wanga anabadwa ndi bowo mumtima, pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi. Madokotala amati VSD. Akamayamwa ankatuluka thukuta pamphumi, kupuma mwawefuwefu, sikelo osakwera. Ali ndi miyezi 8 anapita naye ku India, bowolo anakalitseka ndi chigamba. Tinasonkha, tinapemphera, tsiku lobwera pa Chileka panali nthungululu zokhazokha. Patangotha sabata ziwiri, gulu lathu la pa WhatsApp linangoti zii.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa apa ndi pamene mayi amafuna anthu kwambiri.

Kuti afike pamtima, madokotala amadula fupa la pachifuwa pakati, ndipo limatenga sabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane. Nthawi yonseyo mwana sanyamulidwa m'khwapa, sakokedwanso mkono. Nanga ife si tinazolowera kumugwira mkono umodzi n'kumuponya kumsana, chitenje n'kumanga? Mng'ono wanga anachita kuphunziranso kunyamula mwana wake yemwe: dzanja lina kumatako, lina kukhosi ndi kumutu, pang'onopang'ono ngati wanyamula dzira. Kubereka anayamba wasiya. Ndiye tandiuzani, mayi amene sangabereke mwana akatunga bwanji madzi? Aphika bwanji nsima? Ndinam'peza tsiku lina masana asanalawe kanthu, mwana ali pamiyendo, matewera ali mbwee m'beseni.

Ndipo kuletsa akulu si kophweka. Agogo ake a mwanayo atatambasula manja kuti amulandire, mng'ono wanga anagwada n'kunena kuti, “Amayi pepani, m'khwapamo ayi, ndikupatsireni ndekha.” Anamvetsa, koma anayamba akhumudwa.

Mankhwala ochotsa madzi m'thupi, a Lasix aja, ankamuyezera ndi jakisoni wopanda singano, mlingo wake motsatira kulemera kwa mwana. Thupi likatentha si nkhani yothamangira Panado kugolosale n'kumati ndi malungo. Chilonda chikafiira kapena kutuluka mafinya, milomo ikada, mwana akamakana bere kapena kupuma mothamanga, nyamukani nthawi yomweyo, buku la kuchipatala lili m'manja.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu akuti, “Mwana wachira uyu, ku Queens mukukatani?” Chipsera chikhoza kuuma bwinobwino pamene m'mbali mwa chigamba mukudonthabe magazi, kapena mtima ukugunda mosalongosoka. Maso athu sangaone zimenezo, madokotala amaona ndi echo (makina ojambula mtima) ndi ECG (makina oyeza kagundidwe ka mtima). Ngakhale mano ake ayenera kusamalidwa, poti tizilombo ta m'dzino lowola tikhoza kulowa m'magazi n'kukakhazikika mumtima. Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse amabadwa ndi vuto la mtima, choncho mabanja otere tili nawo m'mipingo ndi m'midzi mwathu momwemu, ndipo ena amaphonya tsiku lawo lokaonana ndi dokotala chifukwa chosowa ya thiransipoti yokha.

Ulendo wina wa ku Queens ndi mwezi wamawa. Ndamuuza kale mng'ono wanga kuti ya minibasi ndi yanga, ndipo pamzere tikakhala limodzi.